Malamulo okhudza kukolola madzi a mvula pa malo a munthu

Malamulo okhudza kukolola madzi a mvula pa malo a munthu ndi malamulo amene boma limaika pofuna kuletsa, kuchepetsa kapena kuyang'anira mchitidwe wotchera madzi ogwa padenga kapena pabwalo n'kuwasunga m'migolo, m'mathanki kapena m'madamu. M'mayiko ambiri munthu amakolola madzi a padenga lake popanda kupempha chilolezo kwa aliyense. Koma kuli madera ena kumene lamulo limaona kuti madzi a mvula, akangogwa, ndi gawo la mtsinje umene akanathiramo, ndipo madzi a mtsinjewo ali kale ndi eni ake. Malamulo oterewa amadziwika kwambiri kumadzulo kwa dziko la United States, makamaka m'chigawo cha Colorado, kumene anthu ambiri a m'mizinda sankaloledwa kusunga madzi a mvula ngakhale mumgolo umodzi mpaka chaka cha 2016.

Zifukwa zimene maboma amaikira malamulowa zilipo zitatu: kuteteza ufulu wa anthu amene anayamba kale kugwiritsa ntchito madzi a mtsinje, kuteteza umoyo wa anthu, ndi kuonetsetsa kuti madamu omangidwa ndi anthu wamba sakuika miyoyo ya okhala kumunsi pachiswe. Ku United States boma lalikulu lilibe lamulo loletsa kukolola madzi a mvula. Chigawo chilichonse chimapanga malamulo akeake a madzi, n'chifukwa chake chimene chili chololedwa m'chigawo china chikhoza kukhala mlandu m'chigawo choyandikana nacho.

Maziko a malamulowa

Ku United States kuli njira ziwiri zikuluzikulu zogawira madzi a m'mitsinje. Kum'mawa kwa dzikolo, kumene mvula imagwa yambiri, amatsatira mfundo yochokera m'malamulo a ku England yakuti aliyense amene malo ake ali m'mphepete mwa mtsinje ali ndi ufulu wotungamo madzi, bola asaonjeze mpaka kuvutitsa anzake. M'madera amenewa madzi a padenga sadzetsa mkangano kawirikawiri.

Kumadzulo, komwe ndi kouma, kunabadwa mfundo ina yotchedwa prior appropriation pa Chingerezi. Mfundoyi imati amene anayamba kupatutsa madzi a mtsinje n'kuwagwiritsa ntchito yaphindu ndiye woyenera kulandira madzi ake onse poyamba, ndipo amene anabwera pambuyo amalandira otsala. Zilibe kanthu kuti munda wa woyambayo uli kutali ndi mtsinje kapena uli kumunsi kwenikweni. Chofunika ndi tsiku limene anayamba kugwiritsa ntchito madziwo.

Mfundoyi inayamba pakati pa anthu okumba golide ku California kuyambira m'chaka cha 1849. Iwo ankafuna madzi otsukira dothi la golide, ndipo nthawi zambiri ankawatenga kutali kudzera m'ngalande. Khoti lalikulu la California linavomereza mchitidwewu pa mlandu wa Irwin v. Phillips m'chaka cha 1855. Ku Colorado mfundoyi inalowa m'malamulo oyendetsera chigawocho a 1876, amene amanena kuti madzi a mtsinje uliwonse omwe sanatengedwe kale ndi chuma cha anthu onse, ndipo amene anayamba kutenga ali ndi ufulu woposa wa amene anabwera mochedwa. M'chaka cha 1882, pa mlandu wa Coffin v. Left Hand Ditch Company, khoti lalikulu la Colorado linagamula kuti mfundo ya ku England ija sigwira ntchito m'chigawocho. Ufulu wa madzi wakale kwambiri ku Colorado umene ukugwirabe ntchito ndi wa ngalande ya San Luis People's Ditch, wa m'chaka cha 1852.

Ufulu wa madzi ku Colorado ndi katundu ngati munda kapena nyumba. Umagulitsidwa, umasiyidwa ngati chuma cha masiye, ndipo ukhoza kutayika ngati mwini wake wakhala zaka 10 osaugwiritsa ntchito popanda chifukwa chomveka. Kuyambira m'chaka cha 1969 chigawochi chili ndi makhoti apadera a nkhani za madzi m'madera asanu ndi awiri, motsatira mitsinje yake ikuluikulu. Madzi akachepa, mwini ufulu wakale amadziwitsa ofesi ya State Engineer, ndipo akuluakulu a ofesiyo amatseka zipata za ngalande za anthu amene anabwera pambuyo mpaka woyambayo atalandira gawo lake.

Mmene mfundoyi imakhudzira madzi a padenga

Malamulo a Colorado amaona kuti madzi onse, kaya ali pamwamba kapena pansi pa nthaka, akupita kumtsinje, pokhapokha wina atapereka umboni wosonyeza kuti sakafikako. Mitsinje yambiri ya m'chigawochi inagawidwa kale yonse, moti ufulu umene anthu ali nawo pa mapepala umaposa madzi amene amayenda mumtsinjemo m'miyezi yambiri ya chaka. Choncho munthu amene waika mgolo pansi pa denga lake ankaonedwa ngati wapatutsa madzi a mtsinje asanafike kwa mwini wake, ngakhale kuti dengalo ndi malowo ndi zake. Njira yokhayo yovomerezeka inali yopita kukhoti la madzi ndi dongosolo losonyeza mmene adzabwezere mumtsinje madzi amene watenga. Njira imeneyi imafuna maloya ndi akatswiri oyeza madzi, ndipo mtengo wake sungafanane ndi phindu la mgolo umodzi.

Vuto la madzi ku Colorado ndi lalikulu. Mzinda wa Denver umalandira mvula ndi chipale chofewa zokwana mamilimita osafika 400 pa chaka. Madzi ambiri a chigawochi amagwa kumadzulo kwa mapiri a Rocky, pamene anthu ambiri amakhala kum'mawa kwake. Kuonjezera apo, mitsinje ya Colorado, Rio Grande, Arkansas ndi South Platte imayambira m'chigawochi, ndipo pali mapangano okakamiza Colorado kusiya madzi ena kuti apite ku zigawo za kumunsi. Lodziwika kwambiri ndi pangano la Colorado River Compact la 1922, lomwe limakhudza zigawo zisanu ndi ziwiri. Chigawo cha Kansas chinasumirapo Colorado kangapo ku khoti lalikulu la dziko lonse chifukwa cha madzi a mtsinje wa Arkansas.

Ngakhale chiletsocho chinalipo, boma silinkayenda m'makomo kufunafuna migolo. Migolo inkagulitsidwa poyera m'masitolo ndipo anthu ambiri ankaigwiritsa ntchito, ena osadziwa n'komwe kuti akuphwanya lamulo.

Kusintha kwa malamulo ku Colorado

M'chaka cha 2007 kafukufuku wina wochitikira m'dera la Douglas County, kum'mwera kwa Denver, anapeza kuti pa malo osamangidwapo kanthu, pafupifupi 97 peresenti ya madzi ogwa kumwamba safika kumtsinje m'chaka chamvula yapakatikati. Madziwo amauma ndi dzuwa kapena amamwedwa ndi zomera. Ngakhale m'chaka chamvula yambiri, madzi ofika kumtsinje sankaposa 15 peresenti. Zotsatirazi zinafooketsa ganizo lakuti dontho lililonse logwa padenga ndi la munthu wa kumunsi.

M'chaka cha 2009 nyumba ya malamulo ya Colorado inavomereza malamulo awiri. Loyamba, Senate Bill 80, linalola mabanja ena akumidzi kukolola madzi a padenga. Awa ndi mabanja amene ali ndi chilolezo cha chitsime chapakhomo, kapena oyenera kukhala nacho, ndipo sangathe kulandira madzi a m'mipope kuchokera ku bungwe logulitsa madzi. Lachiwiri, House Bill 1129, linalola kuti pakhale ntchito zoyesera zosaposa 10 m'malo amene akumangidwa nyumba zatsopano zambiri. Malo oyamba kuvomerezedwa anali Sterling Ranch ku Douglas County komweko. Anthu a m'mizinda omwa madzi a m'mipope anakhalabe oletsedwa.

M'chaka cha 2015 bilu yofuna kulola migolo m'nyumba za m'tauni inadutsa m'nyumba yaing'ono ya malamulo koma inakathera ku Senate. Amene ankaitsutsa kwambiri anali Jerry Sonnenberg, phungu woimira dera la alimi la kumpoto chakum'mawa kwa chigawochi, kumene ulimi wothirira umadalira mtsinje wa South Platte. Akatswiri a ku Colorado State University atawerengetsa anapeza kuti migolo yaing'ono singasinthe moonekera kuchuluka kwa madzi opita kumunsi. Chaka chotsatira aphungu Daneya Esgar ndi Jessie Danielson anabweretsanso biluyo itaonjezeredwa mfundo zoteteza eni ufulu wa madzi. Bwanamkubwa John Hickenlooper anasainira biluyo, House Bill 1005, mu Meyi 2016, ndipo inayamba kugwira ntchito pa 10 Ogasiti chaka chomwecho.

Zimene lamulo la 2016 limalola

Lamuloli limalola banja lokhala m'nyumba yakeyake, kapena m'nyumba yokhalamo mabanja osaposa anayi, kukhala ndi migolo yosaposa iwiri. Migolo yonse pamodzi isapose magaloni 110, omwe ndi malita pafupifupi 416. Madzi ake akhale ochokera padenga la nyumbayo, ndipo agwiritsidwe ntchito panja pa malo omwewo, monga kuthirira kapinga, maluwa ndi ndiwo zamasamba. Kumwa madziwo kapena kuwalowetsa m'nyumba n'kosaloledwa. Mgolo uyenera kukhala ndi chivundikiro chotseka bwino. Munthu safunika chilolezo, ndipo mabungwe a eni nyumba a m'dera sangamuletse kukhala ndi migoloyo, ngakhale angathe kuika malamulo a kaonekedwe kake.

Lamuloli limanenanso momveka kuti kukhala ndi mgolo sikupatsa munthu ufulu wa madzi. Ofesi ya State Engineer ili ndi mphamvu yoimitsa kugwiritsa ntchito migolo ngati zitapezeka kuti mwini ufulu wakale akupwetekeka nazo.

Muyezo wa malita 416 ndi wochepa poyerekeza ndi madzi amene denga limalandira. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo okwana sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi. Motero denga la masikweya mita 100 limadzaza migolo iwiriyo ndi mvula ya mamilimita asanu okha, ndipo madzi otsala amasefukira n'kupita kumene ankapita kale. Alimi a kumadzulo kwa United States amayeza madzi othirira ndi muyezo wotchedwa acre-foot, womwe ndi madzi okwana kumiza ekala imodzi kufika phazi limodzi, kapena malita oposa pang'ono 1.2 miliyoni. Pafunika mabanja pafupifupi 3,000 odzaza migolo yawo yonse kuti madzi awo akwane muyezo umodzi woterewu.

Zigawo zina za United States

Ku Utah nkhaniyi inatchuka m'chaka cha 2008, pamene kampani ina yogulitsa magalimoto ku Salt Lake City inamanga thanki yosungira madzi a padenga otsukira magalimoto, n'kuuzidwa kuti ikufunika ufulu wa madzi. M'chaka cha 2010 chigawochi chinakhazikitsa lamulo, lomwe linakonzedwanso pambuyo pake, lolola munthu kusunga madzi osaposa magaloni 2,500, omwe ndi malita pafupifupi 9,460, ngati walembetsa kwaulere ku ofesi yoona za ufulu wa madzi. Wosalembetsa amaloledwa migolo iwiri, uliwonse wosaposa magaloni 100.

Ku Washington nthambi ya boma yoona za chilengedwe inalengeza m'chaka cha 2009 kuti kukolola madzi a padenga sikufuna ufulu wa madzi. Nevada, chigawo chouma kwambiri m'dziko lonselo, chinalola mabanja kukolola madzi a padenga la nyumba yawo m'chaka cha 2017, bola madziwo asakhale akumwa.

Zigawo zina zouma zimalimbikitsa mchitidwewu m'malo mouletsa. Texas sadula msonkho wa pogula pa zipangizo zokololera madzi a mvula. Mzinda wa Tucson ku Arizona unakhazikitsa lamulo m'chaka cha 2008 lakuti nyumba zatsopano zamalonda zizipeza theka la madzi othirira mitengo ndi maluwa awo kuchokera ku mvula.

Mlandu wa ku Oregon

M'chaka cha 2012 mwamuna wina wa ku Jackson County m'chigawo cha Oregon analamulidwa kukhala m'ndende masiku 30 ndi kulipira chindapusa cha madola 1,500. Nkhaniyi inafala pa intaneti ngati ya munthu amene wamangidwa chifukwa chokolola madzi a mvula pa malo ake, ndipo mpaka pano imatchulidwa choncho. Koma mlanduwo sunali wa migolo. Munthuyo anamanga madamu atatu osunga madzi pafupifupi magaloni 13 miliyoni, omwe ndi malita pafupifupi 49 miliyoni, popanda chilolezo. Madamuwo ankatchinga madzi opita mumtsinje wa Big Butte Creek, umene madzi ake anaperekedwa ku mzinda wa Medford ndi lamulo la 1925. Iye ankanena kuti akungosunga mvula ndi chipale chosungunuka zogwera pa malo ake komanso kuti madziwo ndi othandiza kuzimitsa moto wolusa, koma khoti silinavomereze. Malamulo a Oregon amalola aliyense kukolola madzi a padenga kapena a pamalo ena owaka osalowa madzi popanda chilolezo. Chimene amaletsa ndi kutchinga madzi amene ayamba kale kuyenda panthaka kulowera kumtsinje.

Malamulo a zaumoyo ndi zomangamanga

M'madera ambiri malamulo amene wokolola madzi amakumana nawo ndi a zaumoyo, osati a umwini wa madzi. Madzi a padenga amatenga fumbi, zitosi za mbalame ndi mankhwala ochokera ku utoto kapena ku zofolera. Paipi ya madzi a mvula ikalumikizidwa ndi ya madzi akumwa, madzi osathiridwa mankhwala akhoza kubwerera m'mipope ya anthu onse. Pa chifukwa chimenechi ku Germany mapaipi a madzi a mvula olowa m'nyumba ayenera kukhala osiyana ndi a madzi akumwa ndiponso olembedwa chizindikiro, ndipo mwini nyumba amadziwitsa ofesi ya zaumoyo. Thanki yosavundikira imaswanitsa udzudzu. Ku Queensland m'dziko la Australia, kumene kumabuka matenda a dengue, lamulo limafuna kuti pakamwa ponse pa thanki pakhale sefa yotchinga udzudzu. Mathanki akuluakulu ndi madamu amafunanso chilolezo cha omanga chifukwa cha kulemera kwa madzi ndi ngozi imene ingachitike akaphulika.

Nkhani ya Cochabamba

Kunja kwa United States, nkhani imene imatchulidwa kawirikawiri ndi ya mzinda wa Cochabamba ku Bolivia. M'chaka cha 1999 boma linapereka ntchito yogulitsa madzi mumzindawo ku kampani ya Aguas del Tunari, yomwe kampani ya ku America ya Bechtel inali ndi gawo lalikulu, ndipo linakhazikitsa lamulo nambala 2029 lokhudza madzi akumwa. Lamuloli linapatsa kampani yopambana mphamvu yokhala yokha yopereka madzi m'dera lake. Alimi othirira ndi magulu a anthu amene anakumba zitsime zawo anaopa kuti adzalandidwa kapena kulipiritsidwa, ndipo otsutsa lamulolo ankanena kuti ngakhale madzi a mvula adzafuna chilolezo. Mitengo ya madzi itakwera, anthu anachita zionetsero kuyambira Januwale mpaka Epulo 2000. Pulezidenti Hugo Banzer analengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo mnyamata wina wa zaka 17 anaomberedwa ndi msilikali n'kumwalira. Mu Epulo momwemo mgwirizano ndi kampaniyo unathetsedwa ndipo lamulolo linasinthidwa. Filimu ya 2010 yotchedwa También la lluvia, kutanthauza kuti ngakhale mvula yomwe, inatenga dzina lake pa nkhani imeneyi.

Madera amene amakakamiza kukolola

Pali madera ena kumene lamulo limalamula eni nyumba kukolola madzi a mvula. Chilumba cha Bermuda chilibe mitsinje, ndipo nyumba iliyonse imayenera kukhala ndi denga lotchera madzi ndi thanki yosungiramo. Ku India, chigawo cha Tamil Nadu chinalamula m'chaka cha 2003 kuti nyumba zonse, zakale ndi zatsopano, zikhale ndi njira yokololera madzi a mvula, pofuna kubwezeretsa madzi a pansi pa nthaka amene anatsika kwambiri mumzinda wa Chennai.

Kum'mwera kwa Africa

Mayiko angapo a kum'mwera kwa Africa ali ndi malamulo oika madzi onse m'manja mwa boma m'malo mwa anthu, koma amasiyanitsa ntchito zazing'ono zapakhomo ndi ntchito zikuluzikulu. Ku South Africa lamulo la National Water Act la 1998 limatchula kusunga ndi kugwiritsa ntchito madzi a padenga pakati pa ntchito zosafuna laisensi. Ku Malawi lamulo la Water Resources Act la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1969, linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority kuti lizipereka zilolezo kwa otenga madzi ambiri, monga a minda ikuluikulu yothirira ndi mafakitale.

Mfundo za mbali ziwiri

Oteteza ziletso amanena kuti dongosolo logawa madzi limayenda bwino pokhapokha aliyense akamalitsatira. Iwo amati madenga ndi misewu ya m'mizinda imathamangitsira madzi ambiri kumtsinje, ndipo alimi a kumunsi akhala akudalira madzi amenewo kwa zaka zambiri. Mgolo umodzi ndi wochepa, koma nkhawa yawo ndi yakuti chilolezo chaching'ono chikhoza kukula mpaka kufika pa mathanki akuluakulu m'mizinda ya anthu mamiliyoni.

Otsutsa ziletso amayankha kuti nyumba isanamangidwe, madzi ambiri ogwa pamalopo sankafika kumtsinje n'komwe, monga anasonyezera kafukufuku wa ku Douglas County. Amanenanso kuti madzi a mumgolo amathiridwa panthaka yomweyo patangopita masiku ochepa, ndipo amalowa m'malo mwa madzi a m'mipope amene akanatengedwa mumitsinje yomweyo n'kuyeretsedwa ndi ndalama zambiri. Migolo imachepetsanso madzi othamanga amene amakokolola nthaka ndi kutengera zinyalala za m'misewu kumtsinje.

Malamulo amene zigawo za kumadzulo kwa United States zakhazikitsa kuyambira m'chaka cha 2009 atsatira njira yapakati. Amalola madzi a padenga pa muyezo wochepa, amaletsabe kutchinga madzi oyenda panthaka popanda chilolezo, ndipo sasintha mfundo yakuti woyamba kugwiritsa ntchito madzi a mtsinje ndiye woyamba kulandira.